Khutu Lopindika la Bambaluni

Henda anali kupinda malaya omaliza a mchimwene wake pamene malume ake, a Lotfi, anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi. A Lotfi anadzambatuka mpaka kugunda khoma.

"Mulungu atikhululukire! Ichi ndiye chiyani?"

Munali mutu wa nkhandwe ya m'chipululu, waubweya wachikasu, makutu aakulu ngati mbale. Pansi pake panali thupi, mapazi ndi mchira.

"Ndi Bambaluni," anatero Henda. "Ndi Skander yemweyo, malume."

Skander, mchimwene wa Hendayo, anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo anapita mwamtendere. Tsopano zovala zake zinali kugawidwa kwa osowa monga mwa mwambo, uku azimayi akuphika chakudya cha kusukusu kukhitchini. Pasitolo ya mankhwala pomwe ankagwira ntchito, mnyamatayu sankayang'ana munthu m'maso. Koma Loweruka ankakumana ndi anzake a mumzinda wa Tunis omwe aliyense amasankha nyama yake, n'kuipatsa dzina ndi chovala. Iye anatcha yake dzina la mandasi omwe ankawakonda, ndipo akaivala ankavina mpaka thukuta kamukamu.

"Tichiwotche anthu asanachione," ananong'ona a Lotfi. "Amayi ako asadziwe. Mtima wawo wasweka kale."

Henda anakumbatira mutuwo. Unali kununkhirabe sopo wa Skander.

Pakhomo panaima Oumayma, mnzake wa Skander wa m'gulu la zinyama lija, yemwe anabwera kudzapepesa. A Lotfi anamukodola.

"Mwanawe, ndiwe wa zinyamazi? Tenga, uzikavala kwanu. Chovala cha malemu chikavalidwa, madalitso amamupeza."

"Pepani, malume. Kwathu sitivala nkhope ya mnzathu. Bambaluni ndi wa Skander basi."

"Ndiye kwatsala moto."

"Lotfi, ukubisa chiyani kumbuyoko?" Anali mayi Chedlia, amayi a Skander, akupukuta manja. "Kubisa zinthu kunakukanika uli mwana. Maswiti ankaonekera m'masaya."

"Palibe, achemwali. Nsanza chabe."

"Nsanza? Ntchito ya manja anga ukuitcha nsanza?"

A Lotfi anangoti kukamwa yasa. Nayenso Henda anadabwa, poti zaka zonsezi ankaganiza kuti chinsinsichi akusunga yekha.

"Mwana wolephera kusoka batani akanasoka makutu awa?" anatero mayiwo akulandira mutuwo. "Anabwera ndi nsalu, akunjenjemera, ati ndi za mnzake. Ndinamuyeza mutu ndine. Ndinati, mnzakoyo ali ndi chimutu chonga cha malume ako."

Oumayma anaseka, misozi ili mbwembwembwe. A Lotfi anadzigwira pamutu.

"Nanga anthu adzati chiyani?"

"Adzati anali wanga. Paja ananena kale zambiri iwe utagula galimoto yofiira ija."

Mayi Chedlia ananyamula mutuwo kupita nawo pabalaza, n'kuukhazika pashelefu pafupi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Alendo anasiya kumwa tiyi. A Lotfi anapumira m'mwamba.

"Ngati akukhala pano, akhale mwaulemu," anatero, n'kuwongola khutu lakumanzere lomwe linali lopindika.

Mayi Chedlia anawamenya kadzanja.

"Ankalisiya choncho dala. Ankati mwana wamantha akaona khutu lopindika, amaseka kaye, kenako n'kuyandikira."

Analipindanso ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono. Kamdzukulu ka aneba, komwe kanabisala kuseri kwa amayi ake, kanasuzumira.