Zala za Zeferino zinamanidwa giya

Zeferino wa ku Majaua anali ndi gitala ya khosi lalitali ngati la kakowa, koma zala zake zinkangokhalira kumutu, pa timizere toyambirira. Kumunsi konseko fumbi lokhalokha. Masiku amenewo ufulu unali utangobwera, ndipo munthu sunkayenda ulendo wopanda giya, kapepala kachilolezo kaja. Ndiye anthu ankati zala za Zeferino zinamanidwa giya, n'chifukwa chake siziwoloka malire.

Mwiniwake analibe nazo ntchito, mpaka pamene anafunsira Deolinda. Amake mtsikanayo, a Marta, poti mpongozi salankhula maso ndi maso ndi mkamwini, nkhani zawo ankauza nkhuku. Tsiku lina Zeferino akuimba pansi pa mango, iwo akuwaza gaga, anati:

"Nkhuku inu, mwamuona? Munda wonsewo, iye akungopalira m'mbali. Nanga wanga wachimanga adzautha? Akapanda kufika kumapeto kwa khosi la gitalalo, mwana wanga amuiwale."

Nkhuku sizinatsutse.

Zeferino anapalasa njinga kupita kwa msuweni wake Venâncio, amene anaimbako m'mabala a ku Quelimane. Venâncio anamuuza kuti mawu a gitala ndi omwewo kumtunda ndi kumunsi, ali ngati abale a mudzi umodzi. Chimasintha ndi khomo limene wayambira, lomwenso ukagonepo. Ukalowera pa ili nyimbo imaseka, pa linalo imanyada ngati wovala nsapato zatsopano, penanso imamveka ngati ya m'sitolo ya Amwenye. Zeferino anayenda makomo onsewo nyengo yonse yokolola, zala mpaka matuza. Kungoti mutu wake unali sefa. Msuweni anamuchenjeza za khomo lina lapakati, lachisoni, iye n'kusunga khomolo, chenjezo n'kutaya.

Lamulungu lina anthu atatuluka ku Misa, Zeferino anakhala pabwalo pa a Marta, malaya osita. Pofuna kuonetsa kuti malire wawoloka, anayambira pakati penipeni, pa khomo lomwe lija.

Nyimbo inatuluka yozizira, yokoka m'mimba. A Marta ali kuseri kwa nyumba anakumbukira malemu amuna awo, n'kuyamba kusisima. Mnansi atamva gitala ikulira, mayi akusisima, anamanga chitenje m'chiuno, n'kubwera akubuma. Ena anatsatira, poti kulira sikufunsa. Mpaka a Jorge, sekeletale wa mudzi, anafika chipewa chili m'manja, kufunsa motsitsa mawu kuti watisiya ndi mnzathu uti, kamarada uti.

Zeferino kuleka ankaopa, kupitiriza ankaopa, chala chinangouma pamzere womwewo. Ukwati ankauona ukuthawa.

Deolinda anadutsa pakati pa olirawo ngati akukatenga mtondo, nawerama pafupi naye.

"Bambo inu, amayi anati muwoloke malire, osati muitane maliro. Sunthani chalacho."

Anasuntha pang'ono chabe. Mawu omwewo, nsambo zomwezo, koma nyimbo inatukula mutu n'kuseka. Anasunthanso, inayamba kunyada. Apo mantha anatha, zala zinayenda ngati zalandira giya ya dziko lonse, khomo ndi khomo, mpaka pamimba pa gitala pomwe mawu amachepa ngati a timba. Kenako anabwerera chokwera, osaphonya mzere.

Obuma aja, poti zitenje anali atamanga kale, anangoyamba kuvina. A Jorge anavala chipewa chawo, nati boma silinaletse, nalowa m'bwalo, fumbi koboo.

A Marta anatulukira akupukuta misozi ndi mpango, nkhope ataloza kumbali monga mwa mwambo, naitana nkhuku zawo.

"Kamuuzeni kuti munda wautha, abwere ndi ankhoswe ake. Koma mzere wapakati uja auleke ugonere. Ndidzaufuna tsiku langa lomaliza, ndipo asadzaphonye."

Nkhuku imodzi sinafikitse uthengawo. Inathera m'mbale ya mkamwini.