Lumbiro la a Simbi

"Lozani munthu, musaloze khoma," anatero Aphunzitsi akugogoda tebulo lositira zovala. "Mukati him, chala pa mwamuna. Mukati her, chala pa mkazi. Mukati me, dzigundeni pachifuwa. Chiganizo chopanda mwini sindichifuna muno."

A Simbi anayang'ana chala chawo chong'aluka ndi sopo wa zaka makumi awiri, n'kuchibisa m'thumba la epuloni. Dzinali analitengera momwemo, m'chipinda chochapira cha hotela, chifukwa kolala ya shati ikadutsa m'manja mwawo inkatuluka itaima ngati msilikali. Koma hotelayo inali itagula makina awiri ochapira, ndipo Bwana sanapite m'mbali: pa amayi khumi atsala anayi okha, akwere kumtunda azikayala mabedi. Kumtundako kuli alendo, ndipo alendo amafunsa zinthu m'Chingerezi. Choncho anawapezera mphunzitsi wopuma ntchito, bambo wa jekete limodzi, kuti aziwaphunzitsa nthawi ya nkhomaliro. Mayeso pakutha milungu itatu, awiriawiri, poti bedi amayala anthu awiri. Kukhoza limodzi, kulephera limodzi.

A Simbi anawaphatikiza ndi mlamu wawo, mkazi wa achimwene awo.

Awiriwa anali atatha zaka zinayi osalankhulana. Mlamuyo ndi amene anaulula pampopi kuti a Simbi amabisa imvi ndi polishi wa nsapato. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa. A Simbi analumbira pamaso pa banja lonse kuti tsiku lomwe adzamulankhule mkazi ameneyo, adzawadule lilime n'kuponyera agalu.

"Aphunzitsi, ndisinthireni munthu."

"Wosintha ndi Bwana, mayi, ine ndimangophunzitsa. Taonani pabolodi. I help her, ndimamuthandiza. Nenani mukuloza."

"Bodza dzuwa likuswa mtengo? Ayi. Kudana ndi munthu amati chiyani?"

Aphunzitsi anawauza. Chala chija chinatuluka m'thumba, chinaloza mphuno ya mlamu.

"I hate her."

Mlamu anaika pansi kapu ya tiyi, anafunsa kuti kuopa amati chiyani, kenako anadzigunda pachifuwa mpaka panamveka.

"She fears me."

Amayi enawo anaseka mpaka kutsamira madengu a zovala. Aphunzitsi, amene anatha sabata yathunthu akukoka mawu ngati akuzula dzino, anangoti, "Bwerezani."

Nkhani ilibe miyendo koma inawatsogolera kunyumba. Achimwene anawachingamira pageti.

"Achemwali, ndamva kuti kwayamba kulankhulana. Ndinole mpeni?"

"Ndimalankhula ndi Aphunzitsi. Mkazi wanuyo ndimangomuloza, ngati mmene munthu amalozera dzenje pamsewu."

Kuyambira tsiku limenelo kalasi inakoma. Enawo ankabwereza za pabolodi, I thank you, I call him, maso ali ku wotchi. Koma awiriwa m'mawa uliwonse ankabwera ndi mawu atsopano oti Aphunzitsi awatembenuzire, atalembedwa kuseri kwa pepala la sopo: kuluma, kunamiza, kunyoza, kutopetsa. A Simbi ankayeserera akusita, ankayeserera m'basi, mpaka kondakitala wina analozedwa chala osadziwa mlandu wake. Chingerezi chawo chinali cha mawu atatuatatu, koma chothamanga ngati cha pa wailesi.

Tsiku la mayeso anawakweza kumtunda, m'chipinda cha kapeti yomiza mapazi ndi galasi lalitali kuposa chitseko. Bwana anakhala pampando, Aphunzitsi anaima pakhomo. Bwana anayamba ndi mlamu, namufunsa m'Chingerezi kuti afotokoze mmene amagwirira ntchito ndi mnzakeyo.

Mlamu anatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Anadziona m'galasi, anaona Bwana, anaona pansi. Manja anayamba kupotokola epuloni. Bwana anayang'ana wotchi, n'kutsegula cholembera.

A Simbi analoza. "She fears him," anatero, kuti mwina adzidzimuke. Koma munthu woyang'ana pansi saona chala. Pansi pa nyumbayo makina aja ankamveka akung'ung'udza, ndipo a Simbi anadziona atakhala pakhonde kunyumba Lolemba m'mawa, manja ali pamiyendo, zaka makumi awiri zitathera m'chitini cha polishi. Analiyendetsa lilime m'kamwa ngati akulitsanzika.

"Alamu," anatero m'Chichewa, osanong'ona n'komwe, "pakamwa paja panakwanitsa nkhani ya polishi pampopi, lero pafera pati?"

Mlamu anadzutsa mutu. Maso anayaka.

"You shame me."

"I help you."

"You push me. You bite me."

"I carry you. I feed him," anatero a Simbi, chala chikuloza kumene kunali nyumba ya achimwene.

"He loves me."

"He fears you."

Bwana anatseka pakamwa ndi fayelo, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anawalozera bedi kuti aliyale. Awiriwo anagwira nsalu, wina uku wina uko, aliyense akukoka ngati akufuna kumugwetsa mnzake, mawu atatuatatu akuulukabe. Nsaluyo inakungika moti ntchentche ikanaterereka. Bwana anaisisita ndi dzanja, analemba mayina awiri, n'kuwapempha chimodzi chokha: pamaso pa alendo, chala chizikhala m'thumba.

Potsika masitepe mlamu anati, "Polishi wa lero wapitirira, alamu. Wafika pakhutu."

A Simbi anapukuta khutu ndi epuloni. "Mukanandiuza tisanalowe."

"Tinkalankhulana?"

Achimwene anawapeza pageti paja, nkhani itawafikira kale, akunola mpeni pamwala mwamwano.

"Bwezani kukhitchini," anatero a Simbi osaima. "Lilimeli ndikulifuna kuntchito. Mudzadule ndikapuma."

Zinatengera makina awiri, mphunzitsi wa jekete limodzi ndi chinenero cha eni kuti amayi awiri aakuluakulu auzane za khutu. Inu amene muli ndi wanu amene mumangomuloza chala, chonde chitaniko bwino kuposa awa. Kamulankhuleni lero, m'chinenero chomwe nonse mumachidziwa kale, makina asanabwere.