Chitini cha Chiswe

Shwa, shwa, shwa. Ndi mmene inkalirira bulashi agogo amene anandilera akamapukuta buku lachikopa kunyumba ya mkulu wa asilikali, komwe ankagwira ntchito. M'bukumo mkuluyo analembamo za nkhondo zake zonse, koma dzina la bambo anga, amene iye anawasiya pamtsinje atavulala, mulibemo.

Dzulo ndinalota phokoso lija, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Ndinalota bukulo lili pamiyendo panga, lofunda ngati mbuzi yosendedwa kumene, likununkha polishi. Nditatsegula ndinapeza mkuluyo ali pakati pa masamba, wochepa ngati mphemvu, mendulo zake zili waliwali.

"Mwana wanga, usatseke," anatero.

"Sindine mwana wanu. Tchulani dzina la bambo anga."

"Analipo ambiri, iwe!"

Ndinatseka ndi manja onse awiri mpaka ndinamva kuti phwa! Koma nditatsegulanso anali patsamba lina, akuseka. Kodi munthu akadzilemba yekha m'buku safa?

Kenaka bambo anga anatulukira, yunifolomu ikudontha madzi. Analoza bukulo. Anandipatsa chitini chodzaza ndi chiswe chamoyo, nabwerera kumtsinje.