Machila a pa Uvuni

A Laws Kumwenda anakhala m'nyumba ya lendi ku Nsungwi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Puloti yawo anaigula kumapeto kwa Area 25, kumene msewu umathera m'minda ya anthu. Njerwa zoti amangire anaumba okha ndi akazi awo, mayi Jemima. Mayiwo ndiwo ankagwira chikombole, ndipo anali ndi chizolowezi chodinda chala chachikulu pakona pa njerwa iliyonse asanaisiye padzuwa. Anamwalira njerwazo zisanawotchedwe. Zinakhala pansi pa pepala lakuda la pulasitiki dzinja lonse, a Kumwenda akupita kukaziona Loweruka lililonse.

Mu Julayi anazipanga uvuni, anaumata, nkhuni n'kufika. Chinatsala n'kuwotcha. Moto wa uvuni umafuna masiku atatu osazilala. Ukangofooka pakati, njerwa zimatuluka zotuwa, zoti mvula yoyamba imazibweza kudothi. Ndipo njerwa izi panalibenso wina woti n'kuziumba kachiwiri.

Vuto linali msana. A Kumwenda akagona pansi, kudzuka kwake kunkafuna khoma logwira ndi mphindi zingapo za kubuula.

"Adada, tipeze aganyu awiri ku Mgona," anatero Temwa, mwana wawo wamkazi, yemwe ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. "Inu muzikagona kunyumba, m'mawa muzibwera kudzaona."

"Iyayi."

"Nanga mugona pati? Pamphasa? Akudzutseni ndani?"

Tsiku lotsatira Temwa anawapeza pakhonde ndi matumba anayi a feteleza, singano yaikulu yosokera matumba a chimanga, ndi chingwe cha buluu. Anasoka matumbawo awiriawiri, anapinda m'mphepete, analowetsa chingwe kumapeto onse. Lachinayi anapita nawo kupuloti, namanga mbali imodzi kumtengo wa mango, ina kumtengo wa kesha, pafupi ndi makomo a uvuni. Anayesa kutalika ndi chiuno chawo, kuti akatsitsa miyendo mapazi azingofika pansi okha.

Wowathandiza anali mnzawo wakalekale, a Phillip Namaona a ku Thyolo, amene ankakhoma zidebe pamsika wa Nsungwi. Anabwera ndi mphasa, mabulangeti awiri ndi pakamwa pawo.

"Achimwene, machila awa tikunyamulirani kuchipatala kapena mwasanduka bwana wa kale?"

"Yatsani moto."

"Matumba a feteleza! Mudzuka mutamera masamba."

Moto unayaka masana. Pofika madzulo makomo onse asanu anali kulilima, utsi ukutuluka pamwamba. Temwa anabwera ndi chakudya ndi bulangeti lokhuthala. Atakhudza matumba aja anapukusa mutu.

"Awa ndi opyapyala, Adada. Mphepo izikulowani pansi. Ndiyale bulangeti ili."

"Usayale."

"Chisanu cha mwezi uno mukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa."

Anangolandira bulangetilo n'kufunda pamwamba. Kumsana anasiya thumba lokha. Temwa anabwerera ku Nsungwi atakwiya, akuuza a Phillip kuti munthu wouma mutu ngati bambo ake sanabadwenso.

A Kumwenda ndi a Phillip anagwirizana kuti azilandirana posonkhezera moto. Koma a Phillip, atadzikulunga m'mabulangeti awo pamphasa, anagona ngati mwana woyamwa. A Kumwenda sanawadzutse. Anagona m'machila mwawo, akugwedezeka pang'onopang'ono, kutentha kwa uvuni kukuwawomba kumsana kudzera m'thumba. Tulo tinabwera tokoma, msana uli phee koyamba pa miyezi yambiri. Ndiyeno nkhuni zikayamba kutha, kutentha kuja kunkachepa, chisanu n'kulowa pansi pa machila n'kuwaluma m'nthiti. Ankatsegula maso, kutsitsa miyendo, kuimirira osagwira kanthu, kusonkhezera makomo onse asanu, n'kubwerera. Usiku woyamba anadzuka kasanu. Wachiwiri kasanu ndi kamodzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu a Phillip anadzuka dzuwa litatuluka, anayang'ana mulu wa nkhuni umene unatsika, anayang'ana moto uli ngwee, anakanda mutu.

"Bwanji simunandidzutse?"

"Munkaimba bwino."

"Ine sindiliza mkonono!"

"Agalu a kutsidya ankakuyankhani."

Temwa anafika nthawi yomweyo ndi tiyi. Anaona maso ofiira a bambo ake, nayambanso za bulangeti. A Phillip, pofuna kubisa manyazi, anadziponya m'machila muja kuti aone chimene chinalimo. Anagona kanthawi, kenaka anadzuka akusisita msana.

"Iwe Temwa, tabwera ugone apa. Mbali ya kumotoyi kukutentha, koma taima uone moto ukatsika." Anatembenukira kwa mnzawo. "Ndiye wotchi yanu imeneyi? Mwadala?"

A Kumwenda anapemerera tiyi wawo. "Ukayala bulangeti, sumva."

Temwa anapinda bulangeti lachiwiri limene anabweretsa, nalibweza m'chikwama.

Madzulo a tsikulo pamwamba pa uvuni panafiira, udzu wouma umene anaponyapo unayaka wokha. Anatseka makomo ndi dothi. Anadikira sabata yathunthu kuti uzizire, ndipo a Kumwenda anagonabe pomwepo, nthawi ino bulangeti lili pansi ndi pamwamba.

Tsiku lophwasula, a Phillip anakwera pamwamba, anachotsa dothi lomata, naponya njerwa yoyamba. A Kumwenda anaiwakha. Inali yofiira mbali zonse. Anatenga ina ya pakati, pamene moto umavuta kufika, naziwombanitsa. Zinalira ngati chitsulo.

"Imvani!" anakuwa a Phillip kwa amayi amene ankadutsa ndi ndowa zamadzi. "Izi ndiye njerwa, osati zigumu zanu zija! Tawotcha ife!"

"Ife," anatero a Kumwenda.

Anapatsa Temwa, yemwe anabwera kudzaonerera, njerwa yoyamba ija. Pakona pake panali kadzenje kakang'ono, kolimba tsopano ngati mwala. Temwa anaikamo chala chake, chinakwanira.

"Iyi ikhale pakhomo lolowera, Adada."

"Zonse zili nako," anatero, akutambasula manja kuti alandire ina.

A Phillip anasuzumira pansi. "Machila aja mukathana nawo mundibwereke. Mlamu wanga akuwotcha mwezi wamawa ku Chinsapo."

"Sokani anu."