Tizilombo Tabwino ta Lovemore

Ireen atabwera kuchokera kumunda wa mpunga ku Bwanje, anapeza mwana wake Mwayi ali kwala pamphasa, maso atalowa m'kati, milomo itauma gwa. Mwanayo, wa zaka ziwiri, anayamba kutsegula m'mimba dzulo lake, ndipo m'mawa Ireen anasiya atasungunula Thanzi m'jagi, n'kuwauza amuna ake, a Pius, kuti azimumwetsa pang'onopang'ono. Jagi ija inali gada, yopanda kanthu. Pambali pake panali botolo la chambiko lotupa ngati chule.

Anawafunsa ngati mwana wamaliza Thanzi yense. A Pius, maso ali kumbali, anati anamukhuthulira kuseri kwa bafa. Kunadutsa Lovemore, uja amayenda pa njinga ndi chibokosi cha chambiko kuchokera ku Mtakataka. Iyeyo anawafotokozera kuti m'chambiko chake muli tizilombo tabwino, tamoyo, tomenyana ndi toipa m'mimba, koma mchere wa mu Thanzi umapha tizilomboto. Ndiye iwo anayenera kusankha chimodzi.

"Bambo a Mwayi, mwana wanga si mpira woti muzisankhira timu," anatero Ireen.

Anatsegula botolo lija. Linachita phwii, thovu lili tutu, fungo ngati la nsanza yonyowa. Chambiko iye amachidziwa, anakulira mkaka wa ng'ombe ku Golomoti konkuno. Chabwino chimawawasa mokoma, sichinunkha chonchi. Anabereka mwana, botolo m'manja, n'kutuluka.

Ireen anakamupeza Lovemore pachigayo, pansi pa mlambe, akuwalalikira amayi odikira kugayitsa. Ireen anangofikira kuvundukula chibokosi chija. Munalibe ayezi, munali madzi ofunda ngati osamba, mabotolo akuyandama, ena a zitsekerero zosiyana mitundu, otola m'mbali mwa msewu pamene amataya a m'minibasi.

Lovemore anayamba kumwetulira, amvekere mayi musagwire katundu, nkhani ya tizilomboyi ngakhale pa wailesi amainena, madokotala omwe amavomereza. Ireen anamulozetsa botolo pakamwa.

"Imwani, achimwene. Tizilombo tanu n'tabwino, eti? Imwani tonse tione."

Mwamunayo anati wangodya kumene. Ireen anati palibe kanthu, chambiko chimatsitsa chakudya. Lovemore anati mkaka sumuyanja, umamutupitsa m'mimba. Amayi aja anasiya kupeta, wina n'kubweza botolo limene anali atatenga kale.

"Inu sukuyanjani, koma wanga wa zaka ziwiri umuyanje? Ndipo Thanzi wakulakwirani chiyani? Munamuona akupha ndani?"

Kumsana Mwayi sankalira n'komwe, mutu unali lende. Zimenezo n'zimene zinamuthamangitsa Ireen magazi, chifukwa mwana wodwala akasiya kulira si mtendere. Kuchipatala n'kutali, dzuwa lili pamutu, kabaza osaoneka. Anamasula mphira womangira chibokosi, n'kuchitsitsa pansi kuti khu. Lovemore anagwira chiwongolero. Ireen anamuuza kuti asankhe nayenso: amwe botolo lonse pomwepo, kapena asiye njinga. Lovemore anasiya njinga, Ireen n'kuikwera, mwana kumsana.

Kuchipatala namwino anamutsina mwana khungu la pamimba, silinabwerere msanga. Anamukhazika Ireen pabenchi ndi kapu ya Thanzi ndi sipuni, n'kumupatsanso mapiritsi a zinki. Anati mwana akakodza ndiye kuti madzi ayamba kubwerera m'thupi. Ireen, uku akumwetsa, anafunsa ngati za tizilombo tabwinozi ndi bodza la ogulitsa. Namwino anati si bodza lonse: chambiko cha mkaka wowiritsa, chaukhondo, chosungidwa pozizira, chimathandizadi m'mimba. Koma sichibwezeretsa madzi amene mwana wataya, ndipo chotsekeredwa m'botolo lakuda padzuwa la kuno chimaswana zina. Za mchere zija anangopukusa mutu.

Ireen zinamupsetsa mtima kuposa kale. Bodza lenileni a Pius akanalikana, koma lothira choonadi pang'ono pamwamba analimeza.

Dzuwa litapendeka, Lovemore anafika wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, a Pius akubwera pambuyo pake. Anaima pakhomo n'kupempha njinga yake mwaulemu. Ireen sanatembenuke. Anati njinga ili pamthunzi, koma aliyense woigwira mwanayu asanakodze aona zakuda. Amuna awiri aja anakhala pakhonde, osayang'anana.

Panapita nthawi ndithu, sipuni ikungolowa. Kenako Ireen anamva kufunda pantchafu, chitenje chikunyowa. Mwayi anakankha sipuni ija n'kuyamba kulira.

"Tengani chinjinga chanucho," anatero Ireen, "muzipita."