Zimene Ndinabwera Nazo ku Misuku

Ndinali nditakwera pampando, ndikumangirira nthambi za bogenivila kumzati wa khonde, pamene alamu anga a Safeli anatulukira. Panali patangopita mwezi chiwaikire m'manda amuna anga a Rodwell, chaka chotsatira chisankho cha matipate.

"Mulamu, tsikani tikambe. Akuluakulu agwirizana kuti ine ndilowe m'nyumba muno."

"Akazi awiri amene muli nawowo akukwanirani, alamu," ndinayankha osatsika.

Sanakwiye. Anayang'ana maluwa ofiirawo n'kunena kuti ndili ndi dzanja labwino.

Dzanja ndinali nalodi. Duwalo ndinachoka nalo kwathu ku Thyolo pamene boma linanditumiza kudzaphunzitsa, kali kamtengo kotalika ngati choko, nditakakulunga m'kansanza konyowa. Mvula ya ku Misuku inkalipatsa masamba okhaokha mpaka ndinalidziwa khalidwe lake: ukalitengulira mopanda chisoni n'kulimana madzi m'chilimwe, limachita maluwa mpaka kubisa malata. Mwana wanga Wezi anaphunzira kuyenda pamthunzi wake.

Chimene sindinachimvetse msanga ndi nkhani ya ng'ombe. Kwathu mwana ndi wa mayi ake. Tsiku limene akuchimuna anapereka malowolo, amalume anga anangoseka n'kulandira, poyesa kuti ndi mphatso ya anthu aulemu.

Nditakana chokolo palibe amene anandinyoza. Apongozi anangoyamba kumuitana Wezi kukadya, kenako kukagona, ati nyumba ya maliro siyenera mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkathokoza, chitsiru ine. Pofika nthawi yothyola khofi, Wezi ankandiyankha m'Chisukwa, ndipo a maphunziro anali atandilola kubwerera kum'mwera monga ndinapemphera.

Tsiku lonyamuka ndinatsikira kumsewu kukakambirana ndi woyendetsa lole. Pobwerera ndinapeza khonde lili mbee. A Safeli anali atalikhapa duwa lonse ndi chikwanje, n'kukumba chitsa chake, n'kuchiika m'thumba la feteleza pambali pa masutikesi anga. Wezi anaima kumbuyo kwa agogo ake.

"Wezi, tiye, lole ikudikira," ndinatero.

Anayankha ndi apongozi, mofatsa ngati ali m'tchalitchi. "Ise sitibera munthu, mama. Chimene munabwera nacho tengani, ndi mizu yomwe. Chimene munachipeza kuno ndi chathu."

"Wezi sindinamupeze. Ndinamubereka."

"Zinamubereka ng'ombe zathu," anatero a Safeli.

Ndinakuwa, ndinagwada, ndinatchula boma latsopano ndi ufulu wake umene unkalengezedwa pawailesi. Ndinanena kuti ndibweza ng'ombezo, koma amalume anali atazigulitsa kalekale ndipo aliyense ankadziwa. Amayi a m'mudzi amene anasonkhana pamenepo, omwe ndinkawagawira timitengo ta duwalo kuti akadzale kwawo, anangoyang'ana pansi. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinaleke.

Lole inaliza hutala. Apongozi anawerama n'kumunong'oneza Wezi. Mwanayo anakoka thumba la chitsa, minga ikumukanda m'mikono, mpaka anafika pamapazi anga. Anagwada monga anamuphunzitsira kugwadira alendo, n'kulikankhira kwa ine ndi manja awiri.

"Mwende makora," anatero, mawu otsanzikira mlendo kuti ayende bwino, maso ali kwa agogo ake kuti aone ngati sanalakwitse.