Msampha wa M'kadutswa ka Tsiku

Mu ofesimo munali matebulo atatu, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi anthu awiri amene anasiya kupatsana moni. Mmodzi anali Mphepo, mayi wolemba mapulogalamu a pakompyuta. Dzinali anamupatsa chifukwa akadutsa, mapepala ankauluka. Wina anali Chipewa, mnzake wa ntchito yomweyo, amene palibe anaonapo pakati pa mutu wake. Tebulo la pawindo linali la bwana, yemwenso anali mlamu wa Mphepo, mwamuna wa mkulu wake.

Udani unayamba tsiku limene bwanayo anaika ntchito za awiriwo pa sikirini imodzi.

"Taonani apa. Mizere iyi ndi iyi ikufanana ngati mapasa. Wina pano akudya thukuta la mnzake. Ine sindingasunge anthu awiri pamene woganiza ndi mmodzi. Ndikamudziwa wokoperayo, anyamula chikwama chake."

Mphepo anaizindikira mizereyo ngati mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake. Inali yake. Inachokera mu pulogalamu imene ankasungiramo tizidutswa ta khodi, malangizo olembera kompyuta, timene munthu umalemba kamodzi n'kumagwiritsa ntchito moyo wonse. Kumanzere kunali mafoda, pamwamba kabokosi kofufuzira. Akalemba "tsiku", kankabwera kadutswa koona ngati munthu walemba tsiku molondola. Akalemba "foni", kankabwera koyeza nambala. Zonse anazisula yekha, zina mwana ali kumsana. Koma umboni unali kuti? Ndiponso ankawadziwa alamu ake. Kuti anthu asanene kuti amakondera achibale, akanatha kuchotsa iyeyo n'kukadya bwinobwino kunyumba.

Anayamba kumuyang'ana Chipewa ndi diso la nkhwezule. Akadzuka kukatunga madzi, Mphepo ankati akudzera kuseri kwake dala. Akatsokomola, ankati akubisa kuseka. Anasintha pasiwedi. Anatembenuza sikirini mpaka khosi kumupweteka. Popita kuchimbudzi ankatseka kompyuta, n'kuika tsitsi limodzi pa kiyibodi. Pobwera tsitsi linali pomwepo, ndipo zimenezo zinangomukwiyitsa kwambiri: wakubayu ngochenjera.

"Amayi, sikiriniyo mukaitembenuzanso iyang'ana kukhoma," anatero Chipewa tsiku lina.

"Ikuyang'ana komwe kulibe akuba, achimwene."

"Ine ndiye ndimati akuba ndi omwe akubisa."

Masana omwewo Mphepo anatsegula kadutswa ka tsiku. Munali uthenga waulemu umene umatuluka munthu akasiya malo a tsiku opanda kanthu. Anaufufuta n'kulemba wina: "Lembani tsiku, musatitopetse. Nanunso muli ndi maso." Anasunga. Mu ntchito yakeyake anasamala, anasiya uthenga wakale uja. Kenako anapinda manja. Khoswe akazolowera njira sayang'ana pansi.

Sabata yotsatira kunabwera mayi wina wa sukulu yophunzitsa kusoka, kudzaona pulogalamu yolembera ophunzira imene Chipewa anamukonzera. Bwana anavala tayi. Anakhala yekha pa kiyibodi, kulankhula kwambiri, manja kumwamba, mpaka anaiwala kulemba tsiku. Anadina batani. Uthenga unatuluka wofiira, zilembo zonenepa.

Mayiyo anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, kenako anavula magalasi. "Makompyuta a masiku ano akulalata chonchi?"

Bwana anaseka kuseka kopanda mano, n'kumuperekeza mlendoyo mpaka panja. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, Mphepo anali ataima kale pa tebulo la Chipewa.

"Vulani chipewacho tikuoneni bwino. Mawu amenewo ndinalemba ndine, mu kompyuta yanga, ngati msampha. Afika bwanji kwa inu?"

Chipewa sanachite mantha, ndipo zimenezo zinamudabwitsa Mphepo. Anangotsegula pulogalamu yake ya tizidutswa. "Kompyuta yanu sindinaigwirepo. Onani." Kumanzere kunali foda yolembedwa kuti "Za Bwana". "Ananditumizira okha, akuti ndi zimene analemba kale ali anyamata, ndizitengamo kuti ntchito izifulumira. Ine ndimaganiza kuti inuyo ndi amene mumaba za bwana, popeza mumadyera nawo limodzi."

Mphepo anayendetsa mausi. Ka tsiku, ka foni, ka imelo, onse ana ake, atavekedwa dzina la bambo wina.

Anabwerera pa mpando wake. Anakumbukira kuti kompyutayo itangofika, alamu ake ndi amene anamuikira pulogalamuyo. Iye m'masetingi ankangolowamo kukasintha mtundu wa sikirini ndi kukula kwa zilembo. Tsopano anatsika mpaka pansi, pamene amasankhira malo osungira tizidutswa. Sanali mu kompyuta yake ayi. Anali pa seva, kompyuta yaikulu yosungira zinthu za ofesi, mu foda ya bwana, momwenso foda ya Chipewa ija inkatunga. Chilichonse chimene ankasunga chinkakagwera m'thumba la alamu ake, chikadali chotentha.

Bwana analowa akumasula tayi. "Ndani walemba zamwanozi? Ameneyo lero..."

"Ndine, alamu. Bwerani muone kuno."

"Kuno ndine bwana."

"Chabwino, bwana alamu. Foda iyi ndi ya ndani?"

Bwana anayang'ana sikirini, anayang'ana fani. "Imeneyo n'njira yotetezera zinthu, kompyuta ikafa."

"Nanga dzina loti 'Za Bwana' limateteza chiyani? Munatenga zanga, munapatsa uyu, ndiye osaziwerenga n'komwe. Mwaziona pa sikirini n'kuyamba kusaka wakuba. Mwamupeza tsopano. Chikwama chanu chili kuti, tikunyamulireni?"

Chipewa anakokera chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka.

"Iwe mkazi wanga wamng'ono," anatero bwana, mawu atafewa ngati sopo wonyowa, "zapantchito zithere kuntchito. Akulu ako asamve. Palibe amene akuchoka, nkhani yatha."

"Nenaninso, uyu amve."

"Palibe akuchoka."

Mphepo anadina pa masetingi, anasankha foda ya mu kompyuta yake, anasamutsa tizidutswa tonse, n'kudula njira ya ku seva bwana akuona. Kenako anatembenukira kwa Chipewa.

"Inu, fodayo muisinthe dzina. Mukafuna kadutswa muzipempha, pakamwa muli napo."

"Pepani yanga ija ili kuti, amayi? Ya akuba ija?"

"Ikubwera wapansi."

Anawongola sikirini yake, khosi linapuma. Koma atadzuka kukatunga madzi, anatsekabe kompyuta, n'kuika tsitsi lija pa kiyibodi, mbali ya kuwindo, kwa bwana.